Chigoba cha Madala a ku Romford

Ku koleji ndinachokako mwaulemu, chaka chachiwiri chisanathe, popanda wondithamangitsa komanso popanda wondilondola. Kumudzi mpaka lero amati ndikupumula kaye. Maphunziro amene ndinapitiriza mokhulupirika ndi amodzi okha: mphekesera za resiling'i, masewero aja amuna ojintcha amagwetsana atavala makabudula onyezimira, wopambana atasankhidwa kale mu ofesi. Zochitika m'bwalo sindinkazisamala kwenikweni. Zanga zinali za kuseri. Ndani wakangana ndi bwana, ndani wathyoka bondo zenizeni, ndani akungotsimphina kuti timumvere chisoni, ndani akulongedza kupita ku kampani ina.

Likulu la maphunzirowa linali kometera tsitsi ku Tottenham, moyandikana ndi golosale ya fungo la nsomba zouma, pansi pa tchalitchi chimene chinkayesa zokuzira mawu zake Loweruka lililonse. Mwini wa shopu yometerayo anali bambo wa ku Katete, ku Zambia, amene tonse tinkawatcha achimwene, ngakhale owaposa zaka. Iwo ankanditcha Pulofesa, ndipo udindowo sindinaukane, poona kuti kwina sukanachokera. Tinalinso ndi gulu la pa foni, momwe anamwino, oyendetsa mabasi ndi alonda ankakangana pa nthawi yopuma ngati nkhani ya malire a munda.

Mawu a masewerowa tinkawatembenuza tokha. Mabwana akatopa ndi munthu amamugonjetsa sabata ndi sabata mpaka owonera amuiwale, ndipo eni chinenero amati amukwirira. Ife tinangowatenga momwemo. Mlendo wobwera kudzameta ankatha kumva kuti wakutiwakuti amukwirira Lolemba koma Lachisanu aonekanso, n'kuyamba kuyang'ana kuchitseko mutu uli theka.

Panali mphekesera imodzi yakale imene inatikanika tonse, ngakhalenso Azungu okalamba a pa intaneti amene amakumbukira chilichonse cha ubwana wawo. Kalekale, resiling'i ikuchitikira m'maholo a m'matauni, kanema ali wakuda ndi woyera, kunali katswiri wina wovala chigoba chansalu chophimba mutu wonse. Palibe anamuvula, palibe anaona nkhope yake. Mphekesera inkati m'chigobamo munadutsa anthu awiri. Woyamba anagwa n'kufera m'chipinda chovalira masewero atatsala pang'ono kuyamba, mnzake woyenda naye n'kuvala chigobacho, kutuluka, kumenya, anthu n'kuwomba m'manja osadziwa kanthu. Ndiye anangopitiriza choncho kwa zaka zambiri. Ena ankati ndi bodza la ogulitsa matikiti. Achimwene ankati n'zoona, chifukwa m'mafilimu akalewo munthuyo anasintha kayendedwe. Ine monga Pulofesa ndinkati kafukufuku akupitirira.

Ntchito yondidyetsa inali kunyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Romford. Kumeneko ndinkasambitsa anthu, kuwaveka, kuwadyetsa ndi kuwauza tsiku la sabata kangapo pa ola. Wondiyang'anira anali mayi wina wa ku Ntcheu, wamkulu msinkhu, wa mvano ku Peckham, amene ankandiitana "inu" mwa njira yosonyeza kuti ulemuwo akungondibwereka.

Chilimwe china analowa madala ena atsopano m'chipinda cha kumapeto. Anali Mzungu wamtali, khosi ngati mtondo, makutu otupa ndi opindika ngati bowa wouma. Matenda oiwalaiwala anali atawadya kwambiri. Dzina lawo ankaliyankha mochedwa, ngati akufunsa kaye munthu wina m'kati ngati avomere. Miyendo inali itasiya ntchito, moti powadzutsa tinkagwiritsa ntchito makina onyamulira.

M'mawa wina tikuwasambitsa awiri, ine kumsana, amayi kumanja, madalawo anayang'ana kudenga n'kunena mwachifatse:

"Anandikwirira ine. Anandikwirira bwinobwino. Koma ndinadzukanso."

Kansalu kosambira kanagwera m'beseni.

"Mwamva?" anandifunsa amayi m'Chichewa, milomo yokha ikugwedera.

"Ndamva, amayi."

"Ine ndaona kale kuti manjawa ndi ozizira."

"Madziwo ndi amene azizira, amayi. Tachedwa ndi handova, polandira ntchito kwa ausiku."

"Musandiseke inu. Munthu akunena yekha kuti anaikidwa m'manda."

Ndinayang'ananso makutu aja, kenaka zala zokhota ngati mizu ya chinangwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku koleji ndinamva kuti maphunziro anga akufunika. Ndinafotokoza za kukwirira, mwatsatanetsatane, ndi zitsanzo. Amayi anamvetsera mpaka pamapeto akufinya kansalu kaja.

"Ndiye sukulu munaisiyira zimenezi?"

"Mbali ina, amayi."

"Kaya. Koma ine chipinda chino sindilowanso ndekha."

Chigobacho ndinachipeza posintha zofunda. Chinali m'kati mwa pilo, chopindidwa bwino, chansalu yolimba yotuwa ndi thukuta la zaka, chokhala ndi zingwe kumbuyo ngati nsapato. Mtundu wake ndi zojambula zake sindinena. Ndingoti ndinachizindikira monga munthu amazindikirira chitenje cha mayi ake pamsika. Ndisanachitembenuze n'komwe, dzanja linandigwira pamkono. Munthu wolephera kunyamula supuni anandigwira mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Ndinabwezera chigobacho m'pilo, ndipo anandisiya pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

Mwana wawo wamkazi, mayi wa imvi amene ankabwera Lamlungu ndi mabisiketi, anaona mikwingwirima ya zala pamkono panga n'kudziwa.

"Mwachiona," anatero tili pakhonde. "Ife tili ana ankatiuza kuti bambo amayendetsa lole. Ndinadziwa ndili wamkulu. Chonde, asadziwe anthu okonda masewero aja. Abwera ndi makamera ndi zithunzi zoti asaine, munthu wosadziwa dzina lake. Moyo wawo wonse sanaonetse nkhope. Asaionetse panopa, pamene sangathe kukana."

Ndinavomera. Pobwerera, m'sitima ya Elizabeth line, foni inali kunjenjemera m'thumba, gulu likukangana za bondo la munthu wina ku America. Ine ndinali nditanyamula nkhani imene ikanandikweza kuchoka pa Pulofesa kufika pa chinthu chimene dzina lake silinapangidwe. Ndinakhala ngati munthu wanyamula dzira m'kamwa.

Ndinaiwala kuti mphekesera si resiling'i yokha ili nazo. Amayi nkhaniyo anapita nayo ku mapemphero a Lachinayi, osati ngati miseche ayi, koma ngati chopempherera, chimene chimayenda mofulumira kuposa miseche chifukwa chili ndi chilolezo. Inachoka ku Peckham, inawoloka mtsinje, ndipo pofika Loweruka inali itandidikirira ku Tottenham itanenepa: ku Romford kuli Mzungu wakufa amene amasambitsidwa m'mawa uliwonse, ndipo nkhope yake amaisunga m'pilo.

Achimwene anadikira kuti ndikhale pampando, andikulunge nsalu m'khosi, makina afike pakati pa mutu.

"Ba Pulofesa, nimvela ati ku nchito kwanu kuli mudala wa makutu yopindika."

"Okalamba onse makutu amapindika, achimwene."

"Na nkhope ya mu pilo?"

"Amayi aja amaona zambiri. Tsiku lina anaona mngelo pa bus stop."

"Imwe, osanichita so. Ni uja, ayi? Picture imozi chabe. Nione chabe vojambula pa chigoba, nizaziba."

Apa ndiyenera kufotokoza kuti achimwene anali ometa kawiri. Ankameta anthu tsitsi, komanso ankadziwika, ngakhale iwo sananenepo, kuti ali mnyamata kwawo ku Katete anameta, ndiko kuti analowa gule wamkulu. Ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Dowa, wosameta, amene ubale wanga ndi zilombo unali wothamanga, izo pambuyo ine patsogolo. Komabe lamulo lawo ngakhale ife othawa tinkalidziwa: za amene ali m'chigoba sizinenedwa. Ndinayesa kuwakola ndi msampha wawo womwe.

"Achimwene, kwanu kuja munthu angafunse kuti m'chilombomo muli ndani?"

Makina anaima pang'ono, kenaka achimwene anaseka mpaka okhala pabenchi anasekanso osadziwa chifukwa.

"Awe, Pulofesa, ivo ni vinangu. Uyu ni muzungu wa kabudula."

Anandimeta bwino tsiku limenelo, bwino kwambiri, ngati mbuzi yoti igulitsidwe.

Masiku amenewo ndi pamene ndinayamba kudziwa mwambo wa madala aja. Masana ena, belu loitanira antchito likalira pakhonde, thupi lawo lonse linkauma. Ankatambasula dzanja kuloza pilo. Ukawakaniza ankalimbana ndi zofunda mpaka kudzipweteka, choncho manijala anavomera kuti tiziwapatsa, chitseko chili chotseka. Kuvala ankavala okha, koma zingwe za kumbuyo zinkawakanika. Ndinkamanga ine.

Tsiku loyamba kumanga, mawu anatuluka m'chigobamo osiyana ndi amene ndinkawadziwa. Anali a munthu wamng'ono, wopuma mofulumira.

"Si changa ichi. Ndikungomusungira."

"Mukusungira ndani, bambo?"

"Wagona pabenchi paja. Mufunditse thaulo. Usauze munthu, wamva? Mkazi wake ali pampando wakutsogolo, wavala chipewa chatsopano. Asamvere pagulu. Ndikamenya ine, akaona ngati ndi iyeyo. Timuuza anthu akatuluka."

Ndinayang'ana kumene ankaloza. Kunali kabati ya zovala ndi mpando wa alendo. Kunja dzuwa linali phwee, wina akutchetcha kapinga. Kafukufuku wa ku Tottenham anathera pamenepo, m'chipinda cha fungo la sopo, ndipo sindinamve kukoma kulikonse. Ndinamva kuzizira kumsana, mbali imene kunali benchi losaonekalo.

Anakhala choncho kwa kanthawi, mutu uli chilili, manja pa mawondo. Kenaka anafunsa za mkazi wa chipewa uja:

"Akadali pomwepo?"

Ndinati inde. Anakhalabe m'chigoba mpaka chakudya chinazizira, thukuta likutsikira m'khosi. Tsiku lotsatira atafunsanso ndinayesa zina.

"Apita kunyumba, bambo. Anawomba m'manja kwambiri. Sanazindikire."

Anapuma mpweya wautali ngati tayala. Anaweramitsa mutu kuti ndimasule zingwe. Nkhope inatuluka yonyowa, yokalamba, ndipo anadya phala lonse. Ndinaganiza kuti ndawachiritsa, ndipo ndinayenda pakhonde ngati dokotala. Belu litaliranso mkuja wake, mayi uja anali atabwereranso pampando wake ndi chipewa chake chatsopano. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inawonjezereka ndi chinthu chimodzi chosalembedwa paliponse: kutumiza kunyumba mkazi wa munthu wina, amene mwina naye anamwalira kale ine ndisanabadwe.

Achimwene sanagone. Wometa okalamba athu atadwala, manijala analengeza mosangalala kuti wapezeka bambo wina wachifundo wa ku Tottenham amene wadzipereka kudzameta amuna onse Lolemba, tsiku limene shopu yake imatseka. Malamulo amati mlendo asatsale yekha ndi okalamba, ndipo woperekeza anasankhidwa ine, poti ndife a chinenero chimodzi.

Anafika atavala malaya oyera, chikwama cha makina m'manja, foni m'thumba la pachifuwa, diso la kamera likusuzumira kunja ngati mbewa pauna.

"Achimwene, chonde."

"Nabwela kugwila nchito ya Mulungu, ba Pulofesa."

Anameta pabalaza mmodzimmodzi, akucheza nawo, akuwatcha mabwana. Ndinayesa kunena kuti a m'chipinda cha kumapeto akugona, koma manijala anali pomwepo ndipo anati ayi, ali maso, tsitsi lawo lafika m'makutu. Tinalowa. Ndinatseka chitseko. Madala anali pampando wawo pafupi ndi zenera, ali phee ngati mwana woti abatizidwe. Achimwene anawakulunga nsalu, n'kuyamba kumbuyo. Atafika pamakutu anandiyang'ana pamwamba pa mutuwo, nsidze zili m'mwamba. Maso awo anapita pabedi, papilo. Ndinaima pakati pa iwo ndi bedilo. Mtima unkagunda ngati ndikulemba mayeso aja ndinawathawa.

Ndiye belu linalira pakhonde.

Madala anauma. Dzanja linatuluka pansi pa nsalu yometera, likuloza pilo. Ndinanamizira kusaona. Anayamba kukoka nsaluyo, kugwedeza mpando, kupuma mwaphokoso, ndipo ndinadziwa kuti akapitiriza agwa. Panalibe njira ina. Ndinatulutsa chigobacho pamaso pa achimwene, madala anachivala pamutu wometedwa theka, ine n'kumanga zingwe. Foni ija inali pamtunda wa mkono umodzi.

Kenaka munthu amene tinkamunyamula ndi makina anagwira mikono ya mpando n'kuimirira. Nsalu yometera inagwa pansi pamodzi ndi tsitsi loyera. Anaima wamtali, mapewa atatambasuka, mutu ukutembenuka pang'onopang'ono ngati akuyang'ana holo yodzaza. Chipinda chinachepa.

Achimwene anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Sanayang'anenso nkhopeyo. Maso anali pansi, pa kapeti. Anatulutsa foni m'thumba, anaiponya m'chikwama cha makina, n'kutseka zipi. Kenaka anapinda mawondo pang'ono ndi kuwomba m'manja mofewa, manja atawakumba, monga amachitira munthu pamaso pa akuluakulu.

"Mudala uja nenze kumugela," ananong'ona osadzutsa mutu, akunena madala amene ankawameta, "wayenda kuti?"

"Watuluka pang'ono," ndinayankha.

"Ehe."

Chigoba chinatembenukira kwa iwo.

"Akadali pomwepo?"

Funsolo achimwene anandisiyira ine. Mwina kwawo woyankha amakhala wina. Ndinayankha ine mawu anga a masiku onse, kuti apita kunyumba, anawomba m'manja, sanazindikire. Miyendo ija inakumbukira kuti ndi yakufa, ndipo tinawagwira awiri, wina uku wina uku, n'kuwakhazika. Pamene ndinkamasula zingwe achimwene anatembenukira kukhoma, n'kukhala choncho mpaka nditawauza kuti madala abwera. Anamaliza kumeta mwakachetechete. M'mbali mwa makutu anadutsamo ndi sizasi, pang'onopang'ono.

Tili pasiteshoni ya Romford kudikira sitima, foni zathu zonse ziwiri zikulira ndi mafunso a gulu, ndinafunsa kuti alemba chiyani.

"Nizakamba vamene naona. Napeza tumadala twa tsitsi yambiri, nagela, nabwela."

"Nanga uja?"

"Uti?"

Anandiyang'ana ndi nkhope yosalala ngati mbale yotsuka. Kuyambira tsiku limenelo, mphekesera ya chigoba ikabuka kometera, achimwene ankakweza wailesi. Anyamata ankati akalamba.

Madala anamwalira nyengo yozizira ikutha, masana, pa tsiku langa lopuma. Ndinali m'golosale ku Tottenham ndikusankha therere pamene amayi anandiimbira.

"Bwerani."

"Ndili off, amayi."

"Ndikudziwa. Madala aja atisiya. Bwerani mudzawauze."

Ndinakwera Victoria line, kenaka sitima ya ku Romford, therere lili m'manja chifukwa ndinaiwala kulibweza, ndipo mwini golosale sanandiitane. Nditafika, mtsikana waganyu wochokera ku ejensi amene anagwira shifiti yanga anali pakhonde akulira. Palibe anamuuza za mwambowo. Belu litalira anawapatsa chigoba chifukwa ankachiloza, koma zingwe sanamange. Anati madalawo anamufunsa kambirimbiri ngati mayi wina akadali pomwepo, iye n'kumayankha kuti mayi wake uti, muno mulibe mayi. Anatuluka kukaitana namwino, ndipo pobwera anapeza zatha. Ndinamuuza kuti sanalakwe, ndipo ndinanena zoona.

M'chipindamo munali amayi okha, amene analumbira kuti sadzalowamo okha. Anakhala pampando wa alendo, manja pamiyendo. Madala anagona chagada, chigoba chili kumutu, chopendekeka pang'ono, zingwe zili lende papilo. Namwino anafuna kuchichotsa, amayi anamupempha kuti adikire. Mwana wawo anali m'njira.

"Ine mawu ake sindiwadziwa bwino," anatero amayi. "Ndimangomva kukhoma. Auzeni inu."

Ndinayika therere pakabati. Ndinawerama pafupi ndi khutu lobisika m'nsalu, ndipo ndinanena m'Chingelezi changa cha chaka chimodzi ndi theka cha koleji kuti mayi aja apita kunyumba, anawomba m'manja kwambiri, sanazindikire. Ndinawonjezera kuti holo yatsekedwa, anthu onse atuluka. Ndinadikira mpweya wautali uja, ngakhale ndinkadziwa kuti subwera.

Amayi anaimirira, anachotsa chigobacho ndi manja awiri, anachipinda n'kuchiika pachifuwa pa madala pansi pa chofunda. Anawapukuta nkhope ndi kansalu konyowa. Kenaka, akuyang'anabe nkhopeyo, anandifunsa motsitsa mawu:

"Ndiye mayiyo wapitadi?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Musayankhe choncho muno," anatero, n'kupita kukatsegula zenera.